Chaka Chimene Mgolo wa Kachasu Unaphika Phala

Anthu akamakamba za chaka cha njala chija, ena amayamba ndi mvula, ena amayamba ndi boma. Ine ndiyamba ndi ludzu, chifukwa kwathu kuno ku Bangwe, mu mdadada wathu wa ku Ntopwa, ludzu ndi limene linafika poyamba. Njala inabwera pambuyo, n'kukhalitsa ngati mlamu wopanda ntchito. Musandifunse kuti chinali chaka chanji. Ine sukulu ndinalekezera sitandade folo, nditaona kuti aphunzitsi akungondifunsa zinthu zimene akuzidziwa kale. Chimene ndikukumbukira n'chakuti mafoni anali atabwera, ndipo mano anga akutsogolo anali asanatsanzike.

Okutobala

Dzinja lapitalo mvula inali itadula chimanga chikungoyamba kumasula. M'kamunda kanga ka m'phiri ndinatsitsa zokolola zonse ulendo umodzi, dzanja linalo lili ndi ndodo. Pofika Okutobala mtengo wa chimanga pamsika unkasintha munthu akadali mkati monenerera. Anthu anasiya kugula pa ndowa n'kuyamba pa chigoba, kenako anasiya chigoba n'kuyamba timapepala ta ufa tija timati wokumani, tokwana m'thumba la malaya.

Ife madoda a mu mdadada sizinkatikhudza kwenikweni. Tinali ndi ofesi yathu, pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba ya amake Fulo. Amake Fulo ndi mayi wamasiye, wamfupi, wa mawu ngati belu, amene makolo ake anachokera cha ku Phalombe. Ntchito yawo inali yotcheza kachasu, ndipo mu Ntopwa monse munalibe wowaposa. Kumpingo anawadula kalekale chifukwa cha ntchito yomweyo, koma Lamulungu lililonse ankatseka mowa mpaka mapemphero atatha, akuti Mulungu alibe nawo mlandu, mlandu uli ndi komiti.

Kwa inu obadwira m'mashopu, kachasu amachokera ku madeya, gaga uja amatsala chimanga chikakonoledwa kuchigayo. Chaka chabwino madeya amadya ndi nkhuku, nkhumba, ndi ife amowa kudzera mu mgolo. Amake Fulo ankagula madeya nthawi yokolola akadali otchipa, n'kudzaza kachipinda kena mpaka kudenga. Chaka chimenecho kachipindako kanali kodzaza. Mnzanga a Jailosi, kalipentala wopuma amene timakhala naye benchi limodzi, ankati akasuzumira m'kachipindamo mtima umakhala pansi, dziko likhoza kuvuta koma ife tafika.

Novembala

Mvula inagwa, tinabzala. Amene analibe mbewu anabzala chimanga chogula pamsika, n'kuchipempherera. Kudepoti ya chimanga mzere unkayamba dzulo lake. Mayi akunyumba kwanga ankapita kukaima tsiku lonse, n'kubwerako ndi kathumba konyamula pamutu popanda nkhata, kapena n'kubwerako ndi nkhani yokha yoti chatha, mavenda atenga.

Tsiku lina masana tili pa ofesi, amake Fulo anatuluka m'nyumba n'kupeza tiana tiwiri ta aneba tagona chafufumimba pakhomo la kachipinda kaja. Tianato tinkalowetsa zala pansi pa chitseko, n'kumakoka madeya otayikira pansi, n'kumanyambita. Amake Fulo sanakalipe, zimene zinatidabwitsa chifukwa mayi aja amakalipira ngakhale mphepo. Anangoima, manja m'chiuno, kenako n'kubwerera m'nyumba.

Mawa lake tinapeza paipi yotchezera yachotsedwa, yakolekedwa pa denga. Mgolo unali pamoto, wotsukidwa ndi mchenga mpaka kuwala, koma fungo lotuluka mmenemo silinali lathu.

"Abambo inu, kuyambira lero madeya ndi chakudya," anatero amake Fulo. "Ine pa moyo wanga sindinathirepo chakudya mu mgolo kuti chiwole. Mowa tidzaonana chimanga chikacha."

A Jailosi anavula chipewa ngati ali pamaliro. Anafotokoza kuti ifenso ndife ana a munthu, kuti takhala makasitomala okhulupirika kuyambira mtengo wa mapeyala uli kamtengo, kuti dziko likavuta anthu amafunika mowa kuposa kale. Amake Fulo anawamvetsera mpaka kumapeto, n'kuwayankha kuti akafuna phala abwere ndi kapu, koma akaime kumbuyo kwa ana.

Anatiuzanso mmene awerengera ndi maso. Mwana aliyense wa mu mdadada akamalandira kapu imodzi ya phala patsiku, matumba aja akhoza kufika mu Malichi, chimanga chachiwisi chikayamba. Akatha msanga, ndiye kuti anawo alibenso kolowera, chifukwa m'nyumba zambiri moto unkayaka kamodzi patsiku, mwina osayaka n'komwe.

Disembala

Ndikuuzeni za kusaledzera, poti ambiri a inu mumangokumva. N'koopsa. Otcheza ena anakweza mtengo n'kumathira madzi, moti munthu umatha kumwa ndalama ya sabata yonse n'kubwerera kunyumba ukudziwa njira. Ndiye tinangosiya. Sabata yoyamba ndinazindikira kuti khoma la nyumba yanga lili ndi mng'alu woti mbuzi ikhoza kusuzumira. Sabata yachiwiri ndinazindikira kuti mayi akunyumba akhala akundiyankhula zaka zonsezi, ine ndinkayesa ndi wailesi ya aneba.

Miyendo nayo ili ndi nzeru zake. M'mawa uliwonse inkatitengabe kupita pa benchi. Amake Fulo ataona madoda athunthu angokhala kuyang'ana mgolo ngati agalu pa butchala, anatipatsa ntchito. Wina kukatola nkhuni, wina kukatunga madzi, wina kusefa madeya. Ine anandipatsa udindo woyang'anira mzere wa ana, poti mawu anga ndi aakulu ndipo msana wanga umadwala ukangoona nkhwangwa. A Jailosi anasema mthiko wautali ngati nkhafi.

Phalalo silinali la ku hotela. Madeya, madzi, mchere, tsiku lamwayi nsinjiro pang'ono. Koma mwana akamwa ankanyamuka n'kukasewera.

Kenako kunabuka mphekesera yoti phala la amake Fulo likuledzeretsa ana. Akuti mwana wina anagona tulo ku Sande sukulu mpaka kuliza mkonono, ndipo atamudzutsa anaseka yekha. Amayi a kumpingo anakhala pansi n'kugwirizana kuti mwana wa Mkhristu asamwe za mu mgolo wa Satana. Amene anatsogolera nkhaniyi musawafune patali, ndi mayi akunyumba kwanga omwe. Iwo aja kuyambira kale akafika pa geti la amake Fulo ankawolokera tsidya lina la msewu, ngakhale kukhale matope. Ndinayesa kuwauza kuti ine phalalo ndalilawa ndi chiyembekezo chachikulu ndipo mulibe kalikonse, mwanayo anagona chifukwa anakhuta. Anandiyankha kuti umboni wa chidakwa sulowa m'khoti.

Lamulo lawo linagwira ntchito mpaka Khirisimasi. Itadutsa Khirisimasi ya nkhwani wopanda nsima, ndinayamba kuona ana a amayi a kumpingo akubwera kudzera njira ya kuseri, makapu atabisa m'malaya. Mdzukulu wanga anabwera ndi kapu imene ndinkaidziwa bwino. Sindinafunse kanthu kunyumba. Ukwati umalimba ndi zinthu zimene sunaone.

Januwale

Mvula ya chaka chimenecho inabwera ngati ikubweza ngongole ya chaka chatha. Inkagwa usana ndi usiku. Kumunda chimanga chinkakula mokongola, chobiriwira mochititsa njala, ife tikupalira. Palibe chinthu chonyoza ngati chimanga cha mu Januwale: umachiona, umachigwira, koma sungachidye.

Mphekesera zinali zambiri kuposa ndiwo. Lero akuti malole a chimanga ali pa boda. Mawa akuti afika ku Limbe koma ndi chachikasu. Mkuja akuti chachikasucho chimathetsa mphamvu za abambo, ndipo a Jailosi anati iwo alibe nazo ntchito, mphamvuzo anazibweza kale kwa mwini wake.

Venda wina wa njinga yamoto anamva za kachipinda kaja. Anabwera atavala jekete lachikopa, n'kutchula mtengo woti ife pa benchi tinatsokomola. Anati amayi, ndalama imeneyi mukhoza kukhoma nayo malata atsopano. Amake Fulo anamufunsa ngati ndalama imapsa ukaithira mchere. Mnyamata uja anabweranso kawiri, ulendo womaliza anamupatsa mthiko kuti atakase poti ali ndi mphamvu zoyendayenda. Sanabwerenso.

Vuto linali lakuti mzere wanga unkatalika. Kunayamba kubwera ana a nkhope zachilendo, a m'midadada ina, ena atabereka anzawo kumbuyo. A Jailosi anati tiziwabweza, apo ayi matumba safika mu Malichi. Zinali zoona, ndipo amake Fulo ankadziwa. Anangochepetsa chikho chogawira n'kuwonjezera madzi. Anati iwo sangayang'ane mwana kumaso n'kumufunsa nambala ya puloti.

Febuluwale

Mwezi uno ndi waufupi pa kalendala pokha. Matumba akutsogolo atatha, tinafika pa omwe anatsamira khoma. Ine ndi a Jailosi tinakoka thumba loyamba, ndipo linabwera lolemera ngati mwala. Denga linkadontha kumbuyoko mwezi wonse popanda wodziwa. Madeya onse otsala anali atagwirana, akuda ndi obiriwira, chuku chokhachokha. Fungo lake ngakhale nkhuku inabwerera pakhomo.

Tsiku limenelo mgolo sunapite pamoto. Ana anabwera monga mwa masiku onse n'kukhala pa mzere, makapu pa mawondo. Sanalire, sanafunse. Ine amene ndinkawakalipira tsiku lililonse kuti akhale chete, tsiku limenelo ndinalakalaka wina atasokosa. Amake Fulo anakhala pa chiunda cha nyumba, chitenje atafunda kumutu. Kumunda chimanga chinali chitangoyamba ndevu. Kunali kudakali milungu kuti chidyeke.

Amake Fulo anakhala choncho mpaka dzuwa kupendeka. Kenako anadzuka, n'kukatapa madeya owola aja m'manja, n'kununkhiza.

"Ichi si chakudyanso," anatero. "A Jailosi, tsitsani paipi ija pa denga."

Ndakhala ndikuona anthu akuyesetsa kubisa chimwemwe pamaliro a munthu wolemera, koma sindinaonepo nkhope ikuvutika ngati ya a Jailosi tsiku limenelo.

Madeya owola mwana sangadye, koma mgolo susankha. Amake Fulo anagulitsa wailesi yawo n'kugula shuga, n'kuviika matumba aja. Masiku odikira kuti zitupe, ana ankamwa msuzi wa nkhwani ndi bonongwe, zimene amayi a mu mdadada ankabweretsa. Mayi akunyumba ankandipatsira ine mtolo wa masamba kuti ndikasiye, akuti ndi wa ana, musakanene kuti wachokera kuti.

Mowa utatchezedwa, amake Fulo analengeza mtengo. Ndalama sakufuna, poti ndalama ukaigwira m'mawa pofika madzulo yaonda. Kapu ya ufa, toti ya kachasu. Ufawo upita mu phala la ana.

Nkhani inayenda kuposa minibasi. Madoda anabwera kuchokera ku Namiyango ndi kwina konse, ufa uli m'matumba a buluku, m'chipewa, wina m'sokosi. Phala linayera, linakhala la ufa weniweni, ana mpaka kudabwa. Ife tinkamwa modzipereka, podziwa kuti toti iliyonse ndi mwana wakhuta. Sindinayambe ndathandizapo dziko mokoma choncho.

Funso limene palibe anafunsa linali lakuti madoda osagwira ntchito ufa akuutenga kuti.

Mudziwe kuti nthawi ya njala mayi akatapa ufa wophika, amasalaza wotsala m'beseni n'kudindapo chikhatho chake. Akadzabwera n'kupeza chikhatho chafufutika, amadziwa kuti mwadutsa dzanja. A Jailosi anaiganizira bwino nkhaniyi. Anatapa kapu yawo, n'kusalaza, n'kudindapo chikhatho chawo. Anangoiwala kuti dzanja lawo ndi lalikulu ngati fosholo, ndipo chala chimodzi anachisiya pa sowo ali mnyamata. Akazi awo atavundukula beseni anapeza chikhatho cha zala zinayi chikuwapatsa moni.

Za kunyumba kwanga musafunse. Nkhani ino ndi ya a Jailosi.

Amayi anabwera masana dzuwa lili pamutu, gulu, akazi a a Jailosi patsogolo atanyamula beseni lija ngati umboni. Mayi akunyumba kwanga analowa pa geti la amake Fulo koyamba m'moyo wawo, ndipo sanagwe. Madoda ena anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi zochita kuseri kwa chimbudzi. Ine ndinakhalabe, bondo linakana.

Ndinkayembekeza nkhondo, koma amake Fulo atamva nkhani yonse anakhala pansi. Anati iwo ankayesa akudyetsa ana, osadziwa kuti akulanda m'mbale ya mwana kunyumba n'kumupatsa m'kapu kuno, pakati n'kuledzeretsapo bambo ake. Anatenga madzi n'kuzimitsa moto wa mowa pamaso pa onse. Anati bola mgolo ukhale wouma kusiyana n'kuphika ufa wakuba.

Aliyense ankadziwa kuti moto umenewo ukazima, phala nalonso lazima. Amene anayankhula ndi mayi akunyumba kwanga.

"Amake Fulo, mowa ndi tchimo, pamenepo sindinasinthe. Koma bambo awa ndakhala nawo zaka zonsezi, sindinawaonepo akuthamangira chinthu ngati mmene athamangira toti yanuyi. Ngati ludzu lingawadzutse, liwadzutse apite ku ganyu. Akabwera ndi ufa azifikira kunyumba. Kapu ya kuno tizibweretsa tokha amayi, ndi manja athu. Bambo wobwera yekha musamupatse ngakhale fungo."

Amake Fulo anawafunsa ngati komiti ya kumpingo ikudziwa kuti ali ndi mutu wa bizinesi chotere. Moto anauyatsanso tsiku lomwelo.

Malichi

Mukanationa. Madoda amene khasu linkawadziwa ndi mbiri yokha, m'mamawa ali pa msewu, zikwakwa pa phewa, ulendo wa ku Kanjedza ndi ku Limbe. Kutchetcha udzu m'mipanda ya mabwana, kutsegula ngalande, kunyamula katundu. Tikamaliza tinkapempha kuti ngati m'nyumba muli ufa atilipire ufa. Mayi wina wa ku Kanjedza anandifunsa kuti agogo, pa msinkhu wanuwu mukuvutikiranji chonchi. Ndinamuuza kuti ndikudyetsa ana a mu mdadada wonse. Anagwetsa misozi n'kundiwonjezera nyemba. Sindinaname, ndinangosiya mbali ina.

Madzulo ndinkapereka ufa kunyumba. Mayi ankauyeza ndi maso, n'kutapa kapu imodzi, n'kuiphimba ndi kansalu ngati chopereka. Iwo patsogolo, ine pambuyo ngati mbuzi yopita kumsika. Akathira ufa m'beseni la amake Fulo, ine ndinkalandira toti yanga n'kumwa iwo akuyang'ana kumbali. Pasanapite nthawi anayamba kutsalira kuti athandize kusefa, kenako anawalanda a Jailosi mthiko, akuti amuna amatakasa ngati akupalasa bwato.

Tsopano mpikisano unali pakati pa mowa ndi chimanga. Madeya owola aja anali ndi polekezera, ndipo mabotolo ankachepa. Mowa ukatha madoda sapitanso ku ganyu, izi aliyense ankadziwa, ngakhale ifeyo. Amake Fulo anakana kuthira madzi, akuti dzina lawo ndi lakale, koma toti inayamba kuchepa mpaka inafika pa kachivindikiro ka botolo. Tsiku lonse kutchetcha udzu chifukwa cha kachivindikiro. Tinkadandaula, koma m'mawa tinkadzuka. A Jailosi ankakwera phiri tsiku lililonse kukatsina chimanga chawo kuti aone ngati chalimba, mpaka akazi awo anawaletsa kuti mudzachipweteka.

Maungu ndi amene anayamba kupsa. Kenako utsi wa chimanga chootcha unayamba kumveka m'makomo. Mzere wanga unayamba kufupika wokha, popanda wobweza mwana. Botolo lomaliza linatha Lachinayi lina, ndipo phala lomaliza tinaphika Loweruka lake. Kunabwera ana ochepa, ena chimanga chootcha chili kumanja, kapu kumanzere, kungobwera mwa chizolowezi ngati ife pa benchi. Lotsala mu mgolo tinamwa akuluakulu, amayi a kumpingo ndi zidakwa, benchi limodzi.

Meyi

Tinakolola. Ulendo uno ndinatsika phiri kangapo, ndodo nditaisiya kunyumba. M'madera ena munali maliro chaka chimenecho, tinkamva nyimbo zikudutsa, ndipo ena tinakaika nawo. Koma mwa ana amene ankakhala pa mzere wanga, palibe amene tinamunyamula.

Akuluakulu a mpingo anabwera kudzathokoza amake Fulo, n'kunena kuti khomo ndi lotsegula ngati asiya ntchito ija. Anawayankha kuti madeya abwerera kwa nkhuku, ndiye iwonso abwerera ku ntchito yawo, koma njala ikadzabweranso mgolo ulipo, komiti ikudziwa njira. Anawapatsa mapeyala, n'kuwaperekeza mpaka pa geti.

Tsiku limene mowa weniweni unatchezedwa, wa madeya abwino, ndinasamba. Ndinavala jekete, ndalama yanga ili m'thumba, n'kukakhala pa malo anga. Ndinaitanitsa botolo lathunthu ngati munthu. Amake Fulo sanayang'ane ndalamayo. Anayang'ana kumbuyo kwanga.

"Amayi ali kuti?"

Ndinawakumbutsa kuti njala inatha, ngakhale pa wailesi ananena. Anati wailesi anagulitsa, sanamve. Anati lamulo lija anapanga ndi amayi, ndiye olichotsa ndi amayi omwewo, ndikawatenge abwere adzanene kuti kunyumba ndasiya ufa.

Ndinapita kukawafunsa mayi kuti msonkhano wochotsa lamulo udzakhalako liti. Anati akadzapeza nthawi. Papita zaka tsopano, mano anapita, a Jailosi akuyendera ndodo ziwiri. Mayi nthawi sanaipezebe, ndipo mawa ndili ndi udzu wotchetcha ku Kanjedza.